Mwamuna wamkulu akagwa poona nyeleti, tiseka chiyani?

"Ukapitiliza kulila, nizakupeleka kuli ba nesi bakulase nyeleti." Ni ochepa mwa ife amene tinakulila mu Lusaka, mu Chipata kapena mu Kabwe amene sitinamvepo mawu amenewa. Amayi amawakamba mu minibasi mwana akavuta, asisi amawakamba pa nyumba mwana akakana kusamba, ndipo nthawi zina ngakhale wogwila nchito ku kiliniki amathandizila, kumuonetsa mwana nyeleti kuti akhale chete pa mzele. Mawuwa amagwila nchito, n'chifukwa chake sakutha. Mwana amakhaladi zii. Koma pakapita zaka 20, mwana uja ni mnyamata wa ndevu zake, galu wa aneba wamuluma pa mwendo, ndipo iye wasankha kumanga kansalu pa bala na kukhala pa nyumba, chifukwa m'mutu mwake ulendo wa ku kiliniki ni woopsa kupambana chiwewe. Ife anzake timamuseka.

Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikilo, pafupifupi palibe amene amapulumuka. Chimene chimapulumutsa munthu ni kutsuka bala na sopo kwa mphindi 15 na kuthamangila katemela, amene masiku ano amalasa pa mkono, osati pa mimba monga mmene nthano za mu komboni zimakambila. Ndipo si chiwewe chokha. Kupimitsa HIV kumafuna kadontho ka magazi a pa chala. Amene ali pa ma ARV amatengedwa magazi kuti aone kuchuluka kwa kachilombo. Mayi wapakati amapimidwa magazi ku sikelo. Depo amalasa pa miyezi itatu iliyonse. Kuyambila mu February 2024, mu Zambia muli cabotegravir, nyeleti yoteteza ku HIV imene munthu amalandila kamodzi pa miyezi iwili m'malo momwa mapilisi tsiku lililonse. Umoyo wa wachinyamata wa m'tauni lelo umadutsa pa nsonga ya nyeleti kangapo pa chaka. Choncho nikakamba kuti kuyopa nyeleti ni nkhani ya umoyo na imfa, sinikukokomeza. Maganizo anga ni akuti tileke kuona mantha otele monga uchitsilu, ulesi kapena ziwanda. Ali na chiyambi chake m'thupi, ndipo pa mavuto onse a maganizo, ili ni limodzi mwa amene amachilitsika mofulumila komanso motchipa.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu. Palibe amene amakondwela na kulasidwa. Kutsinzina maso na kuluma mano si matenda. Madokota amati munthu ali na phobia ngati mantha ake pa chinthu chimodzi ni aakulu kupambana ngozi yeniyeni, amabwela nthawi zonse akakumana na chinthucho kapena akangochiganizila, akhalapo kwa miyezi 6 kapena kuposapo, ndipo amamuchititsa kuthawa zinthu zofunika pa umoyo wake. Wina ni galu, wina ni lifti, wina ni chongololo, wina amalolela kudumpha pakati pa mamotoka mu Great East Road kusiyana na kukwela buliji ya oyenda pansi pa UNZA chifukwa akayang'ana pansi miyendo imatha mphamvu. Kafukufuku wa bungwe la WHO m'maiko 22, amene anafalitsidwa mu 2017, anapeza kuti anthu pafupifupi 7 pa 100 alionse amakhalapo na phobia yotele pa umoyo wawo, akazi kuwilikiza kawili amuna, ndipo theka la iwo inawayamba asanapitilile zaka 8. M'kalasi ya ana 60, amenewo ni ana anayi. Timawadziwa. Ni aja tinali kuwathamangitsa na bilimankhwe pa kamtengo.

Mkati mwa ubongo, chakuno kwa makutu, muli tizigawo tuwili tung'onotung'ono totchedwa amygdala, kumanzele kamodzi kumanja kamodzi. Nchito yake ni ya mlonda wa pa geti. Joseph LeDoux wa ku New York University, amene anathela zaka zambili akufufuza makhoswe, anaonetsa kuti uthenga wochokela m'maso kapena m'makutu uli na njila ziwili. Imodzi ni ya chidule, imafika kwa mlonda uja mwamsanga koma chithunzi chake n'chosaoneka bwino. Ina ni yozungulila, imadutsa ku mbali ya ubongo imene imaganiza na kusanthula. Mlonda sayembekezela lipoti la oganiza. Akangoona chinthu chopindika mu udzu amaliza belu. Tizigawo ta pamwamba pa impso timathila adrenaline m'magazi, mtima umathamanga, mpweya umafupika, m'kamwa mumauma, m'manja mumatuluka thukuta. Pamene mbali yoganiza ibwela kudzakamba kuti "iyayi, ni paipi ya madzi chabe", munthu walumpha kale.

Apa m'pamene pali chinthu chimene oseka samvetsa. Munthu wa phobia amadziwa bwino lomwe kuti mphemvu siluma, kuti lifti siigwa, kuti nyeleti ni kanthu ka masekondi asanu. Safunika kuuzidwa. Kumuuza kuti "osayopa, palibe chimene chizachitika" kuli ngati kulembela kalata mlonda amene sadziwa kuwelenga. Uthenga wafika ku ofesi, koma belu ili m'manja mwa wina.

Tisafulumile kutukwana mlondayo. Ku America kuli mayi wina amene ofufuza amangomutcha S.M., amene matenda osowa kwambili otchedwa Urbach-Wiethe anamuwonongela amygdala zonse ziwili. Ofufuza a ku University of Iowa analemba mu 2011 kuti anapita naye ku shopu yogulitsa nyama zachilendo, ndipo iye, ngakhale anali kukamba kuti amadana na njoka, anainyamula na kuyamba kuiseweletsa, mpaka anachita kumuletsa kugwila zina zoopsa. Pa umoyo wake analozedwapo mpeni pa khosi m'paki usiku, ndipo mawa lake anadutsanso pomwepo. Umoyo wopanda belu ni wotelo, ndipo sinikhulupilila kuti alipo angaufune. Chodabwitsa n'chakuti mu 2013, atamupumitsa mpweya wokhala na carbon dioxide wambili, mayi yemweyo anagwidwa na mantha aakulu. Ndiye kuti amygdala si nyumba ya mantha onse, ndipo LeDoux mwiniwake amachenjeza anthu kuti asaikambe motelo. Koma pa zoopsa zochokela kunja kwa thupi, zimene timaona na kumva, mlonda wamkulu ni ameneyu.

Funso limene ine limanisangalatsa kwambili ni ili: n'chifukwa chiyani timayopa zimene timayopa? Mu June kukazizila, mabanja amalowetsa mbaula ya malasha m'chipinda na kutseka mawindo, ndipo chaka na chaka timamva za anthu amene sanauke. Udzudzu umapha anthu ambili m'dziko lino kupambana njoka. Minibasi yothamanga na matayala osila timaikwela tikuseka, foni ili m'manja. Koma simudzapeza munthu amene amakomoka akaona mbaula kapena amene amakuwa akaona soketi ya malaiti. Maphobia amaunjikana pa zinthu zochepa zomwezo dziko lonse lapansi: njoka, akangaude, malo aatali, mdima, malo opanikiza, madzi akuya, mphezi, magazi. Mu 1971, Martin Seligman anapeleka ganizo lakuti ubongo wathu umabadwa wokonzeka kuphunzila msanga kuyopa zinthu zimene zinali kupha makolo athu akalekale. Motoka yabwela dzulodzuloli. Mphili yakhala nafe kuyambila pachiyambi.

Umboni wokoma wa zimenezi unachokela kwa anyani. M'zaka za m'ma 1980, Susan Mineka na Michael Cook ku Wisconsin anaona kuti anyani a mtundu wa rhesus obadwila mu labu sanali kuyopa njoka, pamene ogwidwa kuthengo anali kuiyopa koopsa. Nyani wa mu labu akangoonelela mnzake wa kuthengo akukuwa na kunjenjemela pamaso pa njoka, nayenso anali kutengela manthawo, ndipo sanali kutha msanga. Kenako ofufuzawo anachita zaukathyali. Anadula na kulumikiza mavidiyo kuti nyani wamantha uja azioneka ngati akuyopa maluwa kapena kalulu wa chidole. Oonelela sanatengele. Koma vidiyo ikaonetsa njoka ya chidole kapena ng'ona ya chidole, anatengela. Ndiye sitibadwa na phobia yokhwima kale, koma timabadwa na minda ina yolimidwa kale, yongoyembekezela mbewu.

Mbewuyo imabwela m'njila zingapo. Stanley Rachman, katswili wobadwila ku Johannesburg, anazigawa patatu mu 1977: chimene chinakuchitikila iwe mwini, chimene unaona chikuchitikila wina, na chimene unauzidwa. Njila yoyamba akuluakulu athu anaidziwa kale pamene anati wolumidwa na chakuda amathawa na khala lomwe. Mu 1920, John Watson na Rosalie Rayner ku Johns Hopkins anaichita dala pa khanda lodziwika na dzina lakuti Albert. Likafuna kugwila khoswe woyela, iwo anali kumenya chitsulo na hamala kumbuyo kwake, mpaka linayamba kulila likaona khosweyo, kenako kalulu na chikhoti cha ubweya. Lelo wochita zimenezo angamangidwe, ndipo akatswili amatsutsa mmene kafukufukuyo anachitikila. Koma mwana amene anapanikizidwa na akuluakulu atatu pa bedi ya ku chipatala, wina miyendo wina manja, anaphunzila phunzilo lofanana. Njila yachiwili ni ya anyani aja: mwana amene amaona amayi ake akulumphila pa mpando chifukwa cha khoswe. Yachitatu ni mawu aja a mu minibasi. Sinikamba kuti mwana aliyense woopsezedwa na nyeleti adzakhala na phobia. Ambili sakhala nayo. Koma sinimvetsa chifukwa chake timathila mbewu m'munda umene tidziwa kuti ni wachonde, pofuna chabe kuti mwana akhale chete kwa mphindi zisanu.

Kuti ena amagwidwa ena osagwidwa, mbali ina ni za kumtundu. Kafukufuku wa mapasa, monga wa Kenneth Kendler ku Virginia, amaonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyana kwa anthu pa nkhani ya maphobia limachokela ku zimene timatengela kwa makolo m'magazi. Palibe gene imodzi ya kuyopa galu. Chimene munthu amatengela ni mlonda wa tulo tochepa, wofulumila kuliza belu. Ndipo pali anthu ambili amene sakumbukila chochitika chilichonse chimene chinayambitsa mantha awo. Amenewa ni amene amathamangila kuganiza kuti analodzedwa, chifukwa chinthu chopanda chiyambi chooneka, kwathu kuno, timachipezela mwiniwake.

Manje tibwele ku nyeleti na magazi, chifukwa phobia iyi ili na khalidwe lakelake. M'maphobia ena onse mtima umathamanga ndipo BP imakwela. Woyopa galu sakomoka, amathawa. Koma mwa anthu ambili oyopa magazi, mabala na nyeleti, zinthu zimachitika pawili. Poyamba mtima umathamanga monga mwa ena onse. Kenako mwadzidzidzi mtsempha waukulu wotchedwa vagus, umene umachokela ku ubongo kutsikila ku mtima na m'mimba, umaponda mabuleki mopitilila. Mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono, mitsempha ya magazi imatakasuka, magazi amatsikila ku miyendo, ndipo ubongo umapelewela. Munthu amamva kutentha, mselu, m'makutu kulila, m'maso kuchita mdima, basi wagwa. Akagona pansi magazi amabwelela ku mutu ndipo amatsitsimuka pasanapite nthawi.

Zimenezi zilibe nchito na kulimba mtima. Zimachitikila asilikali, onyamula zitsulo ku jimu, ngakhale ana a sukulu ya udokota tsiku lawo loyamba kuonelela opaleshoni. Zimayendanso kwambili m'mabanja kupambana maphobia ena. Koma mnyamata amene anagwapo kamodzi pamaso pa atsikana tsiku limene a Zambia National Blood Transfusion Service anabwela pa sukulu kudzatenga magazi, amanyamula zinthu ziwili: mantha a nyeleti na mantha a manyazi. Chachiwilichi n'chimene ife timamupatsa. Pa ziwilizi, niganiza kuti cholemela kwambili ni chathu.

Phobia ikangoyamba, chimene chimaidyetsa ni kuthawa. Wafika pa geti ya kiliniki, mtima uli phaphapha, watembenuka kubwelela ku nyumba. Pomwepo thupi limapepuka, ndipo kupepukako kumakoma. Ubongo umalemba kuti: tinathawa, tinapulumuka. Mlonda sapeza mpata woona kuti ukanalowa, palibe chimene chikanachitika. Ulendo wotsatila belu imalila msanga, mwina uli pa siteshoni, mwina usiku wa dzulo lake. Ndiye chifukwa chake nthawi payokha siichilitsa phobia ya munthu wamkulu. Munthu angakhale nayo zaka 30 na kumanga umoyo wake wonse mouzungulila.

Chithandizo chake n'chakale kupambana mmene ambili aganizila. Mu 1924 ku New York, Mary Cover Jones anathandiza kamnyamata ka zaka pafupifupi zitatu kotchedwa Peter, kamene kanali kuyopa kalulu. Anaika kaluluyo m'khola patali pamene mwanayo anali kudya chakudya chimene anali kukonda, ndipo tsiku na tsiku anali kusendeza kholalo pafupi. Anabweletsanso ana ena osayopa kuti aziseweletsa kaluluyo iye akuona. Potsilizila Peter anali kumusisita yekha. Joseph Wolpe, dokota wa ku Johannesburg amene anayamba na kufufuza amphaka pa yunivesite ya Witwatersrand, anakonza njilayi kuti igwile nchito pa akuluakulu ndipo anaifalitsa mu 1958. Kenako Lars-Göran Öst wa ku Sweden anaonetsa kuti siifunika kutenga miyezi. Mu 1989 analemba za odwala 20 oyopa nyama kapena nyeleti amene anawathandiza pa tsiku limodzi, kwa maola awili kapena atatu. Atawalondola patapita zaka pafupifupi zinayi, 90 pelesenti anali atachila kapena kupeza bwino kwambili. Gulu linali laling'ono, koma akatswili ena ambili abweleza njilayi ndipo imagwilabe nchito. Ni matenda angati amene mungakambe zotele?

Mmene zimachitikila ni motele. Woyopa na womuthandiza amakhala pansi na kupanga makwelelo, kuyambila chimene chimamuopsa pang'ono kufika chimene chimamuopsa kwambili. Kwa woyopa nyeleti, sitepe yoyamba ingakhale kuyang'ana chithunzi cha nyeleti pa foni. Yotsatila kuonelela vidiyo ya munthu akulandila katemela. Kenako kugwila sirinji yatsopano ili m'pepala lake, kuitsegula, kununkhiza sipiliti, kukhala pa benchi ya ku kiliniki popanda kulasidwa, kupelekeza mnzake na kuyang'ana pamene akumulasa, kulasidwa pa chala, ndiyeno pa mkono. Pa sitepe iliyonse munthuyo amayamba wakamba chimene aganiza kuti chidzachitika, "nizakomoka", "nizakuwa", "sinizakwanitsa", ndiyeno amakhala pomwepo osathawa mpaka aone yekha ngati zachitikadi. Mantha amakwela, amafika pachimake, amatsika okha, chifukwa thupi silingathile adrenaline mpaka kalekale. Amabweleza mpaka sitepeyo itayamba kumutopetsa. Kutopa nayo ndiye chizindikilo chakuti akwele ina.

Kwa amene amakomoka pali chinthu china chofunika kuphunzila choyamba, ndipo Öst yemweyo ndiye anachikonza mu 1987. Anthuwa kuwauza kuti "masuka, puma pang'onopang'ono" kungawagwetse msanga, chifukwa BP yawo ikutsika kale. Iwo afunika kulimbitsa thupi. Munthu amakhala pa mpando na kuumitsa minofu ya miyendo, matako, mimba na manja kwa masekondi 10 mpaka 15, mpaka amve kutentha kumaso. Amamasula kwa masekondi 20 kapena 30, osati kulefukilatu, na kubweleza kasanu. Kuumitsako kumakankhila magazi ku mutu. Amayeseza kangapo pa tsiku kwa wiki imodzi, kuti tsiku la nyeleti achite zimenezi akangomva chizungulile, kusiya chabe mkono umene akulasa uli womasuka. Amene ali na BP yokwela kapena vuto la mtima ayambe wafunsa dokota. Palibe chogula apa. Ni nzelu imene ingakwane pa pepala limodzi lomata pa chipupa cha kiliniki, pafupi na lija la kusamba m'manja.

Chimene chimachitika mu ubongo pa nthawiyi si kufufuta. Chikumbutso chakale cha mantha chimakhalapobe, koma mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kuseli kwa mphumi, imaphunzila phunzilo latsopano lakuti "ichi sichoopsa" na kuyamba kumugwila dzanja mlonda asanalize belu. N'chifukwa chake mantha angabwelele pang'ono pakapita nthawi yaitali, kapena munthu akakumana na chinthucho pamalo achilendo. Si kulephela. Kumangofunika kuyeseza m'malo osiyanasiyana, na anesi osiyanasiyana, na agalu a mitundu yosiyanasiyana, osalola zaka kudutsa.

Wina amve bwino apa, chifukwa nidziwa mmene timaganizila. Akamva kuti mankhwala a mantha ni kukumana na chimene uyopa, amathamanga kukatola chongololo na kumuponyela mlongo wake m'malaya, foni ikujambula kuti aike pa TikTok. Uko si kuchilitsa, ni kubweleza za Watson na hamala yake. Kusiyana kwake ni chilolezo na ulamulilo. Woyopayo ndiye amasankha sitepe, amadziwa chimene chikubwela, ndipo palibe amene amamudzidzimutsa kapena kumugwila mwamphamvu. Chimene ubongo wake ufunika kuphunzila n'chakuti "ninakhalapo mwa kufuna kwanga ndipo ninakwanitsa". Ukamukakamiza amaphunzila zosiyana: kuti chinthucho n'choopsadi, ndipo anthu amene amawakhulupilila nawonso ni oopsa.

Nanga mapilisi? Ambili amafuna kapilisi kakuti amwe asanakwele ndeke kapena asanapite kukachotsa dzino, ndipo ena amangodutsila pa bala kumwa tujilijili twa masiku ano. Diazepam na anzake amakhazikadi mtima pansi kwa maola ochepa, koma amazoloweleka, ndipo amasokoneza kuphunzila kumene takamba. Mu 1997, Frank Wilhelm na Walton Roth anapatsa alprazolam azimayi ena oyopa ndeke, ena anawapatsa pilisi lopanda mankhwala. Pa ulendo woyamba omwa mankhwala anati mantha achepa. Patapita wiki imodzi onse anakwelanso popanda kumwa kanthu, ndipo aja anamwa mankhwala poyamba ndiwo anavutika kwambili. Ubongo wawo unali utalemba kuti chinatipulumutsa ni pilisi. Mowa umachita chimodzimodzi, kuwonjezela pa mavuto ake ena. Nkhani imasiyanako kwa munthu amene amayopa anthu, amene kukamba m'kalasi, kudya pagulu kapena kuyankha pa intavyu kumamuumitsa thupi. Pamenepo mankhwala monga sertraline, olembedwa na dokota na kumwedwa kwa miyezi, amathandiza ambili, makamaka pamodzi na uphungu. Koma pa galu, lifti kapena nyeleti, pilisi si yankho.

Za mapemphelo nikambe mosamala, koma nikambe. Ngati pemphelo limakupatsa mphamvu zolowa pa geti ya kiliniki, pemphela, ndipo tenga mnzako wa ku kwaya akupelekeze. Chimene nikana ni kuuza mtsikana woyopa madzi kuti ali na mzimu wa m'madzi, kumugwetsa pansi pamaso pa mpingo wonse, kumugulitsa mafuta odzozedwa, ndiyeno mantha akapanda kutha n'kumuuza kuti chikhulupililo chake n'chochepa. Analowa na vuto limodzi, watuluka na atatu. Anyani a Mineka analibe ambuye awo owalodza.

Pali amene adzati: dziko lili na kolela, malungo, njala na kusowa kwa nchito, inu mukamba za anthu oyopa mphemvu? Akatswili a maganizo ni ochepa, ambili ali mu Lusaka, ndipo dzina la Chainama tinalisandutsa chitonzo, moti munthu angalole kuvutika zaka kusiyana na kuti aneba amve kuti anapitako. Zonsezi n'zoona. Koma yankho langa n'lakuti vuto ili silifunika kuyembekezela akatswili ambili. Mu 2015 munafalitsidwa kafukufuku wochitikila m'makomboni a mu Lusaka muno, wotsogoleledwa na Laura Murray wa ku Johns Hopkins, pa ana 257 amene anakumana na zoopsa. Amene anawathandiza anali aphungu wamba ophunzitsidwa na kuyang'anilidwa, osati madokota, ndipo mbali ya chithandizocho inali kuyandikila pang'onopang'ono zikumbutso zimene anawo anali kuthawa. Anawo anapeza bwino kwambili kupambana amene analandila thandizo la nthawi zonse. Vuto lawo linali lolemela kupambana phobia. Ngati aphungu a mu komboni anakwanitsa zimenezo, sinikuona chimene chingalepheletse aphungu a HIV amene ali kale pafupifupi pa kiliniki iliyonse kuphunzila makwelelo a nyeleti na kuumitsa minofu. Tili na lamulo latsopano la umoyo wa maganizo la 2019, limene linalowa m'malo mwa lija la atsamunda lotcha odwala maina achipongwe. Lamulo lili pa pepala. Nesi wofunsa kuti "munakomokapo polasidwa?" asanatsegule nyeleti angalipatse miyendo, ndipo funsolo silitenga masekondi asanu olo mzele utalike bwanji.

Si mantha onse amene ali phobia, ndipo apa munthu asadzipime yekha pa intaneti. Mtima ukamathamanga popanda chokuopsa, ukuonda, ukutuluka thukuta usiku, kapimitse, chifukwa chithokomilo na kuchepa kwa magazi zimachita zotelo. Kukomoka popanda kuona magazi kapena nyeleti, makamaka pothamanga kapena pogwila nchito, ni nkhani ya dokota mwamsanga. Ndipo ngati mantha anayamba pambuyo pa kugwililidwa, kumenyedwa kapena ngozi ya pa msewu, ndipo amabwela na maloto oipa, usapange makwelelo na mnzako wa pa nyumba. Pamenepo pafunika mphungu wophunzila.

Koma ngati vuto lako ni nyeleti, ndipo pali katemela, kupimitsa kapena Depo imene wakhala ukuikankhila kutsogolo, yamba kuumitsa minofu lelo, kasanu m'mawa kasanu madzulo. Tsiku lopita udye, umwe madzi, ndipo utenge munthu mmodzi amene sadzaseka. Ukalowa, usayembekezele kuti akufunse. Kamba iwe mwini: "Ba nesi, ine nimakomoka na nyeleti, nipempha munilase nili gone." Ukatha usanyamuke pomwepo. Khala pa bedi mphindi zingapo, miyendo ikugwila nchito, ndiyeno ukhale tsonga, ndiyeno uime.